Shuga wonamizira amene asayansi akutchera khansa ya mu ubongo

Moni abale anga kuno ku Kasungu, ndi nonse amene mukuonera pa foni. Lero tikambe za mankhwala opangidwa kuchokera ku shuga amene akuyesedwa pa khansa ya mu ubongo.

[Chithunzi cha ubongo wokhala ndi chotupa]

M'zaka za m'ma 1920, Otto Warburg wa ku Germany anapeza kuti maselo a khansa amameza shuga wa m'magazi, glucose, mosusuka kuposa maselo abwinobwino. Glioblastoma, chotupa choopsa kwambiri cha mu ubongo, n'chosusuka chimodzimodzi. Ngakhale wodwala achitidwe opaleshoni, alandire radiation (kuwotcha chotupa ndi cheza champhamvu), amwe mankhwala a temozolomide, pafupifupi theka la odwala sapitirira miyezi 15. N'zomvetsa chisoni.

Chimavuta n'chakuti mitsempha ya magazi ya mu ubongo siilola mankhwala ambiri kudutsa. Koma shuga amadutsa, poti ubongo umadya gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu za thupi lonse.

Apa ndiye pagona nzeru. Asayansi atenga glucose n'kumuchotsa kachidutswa kamodzi, n'kukhala 2-DG. Ali ngati nyambo pa msampha wa mbewa. Selo la khansa limamumeza poyesa chakudya, liyamba kumuphwanya, koma ntchito ithera panjira. Shuga wonamizirayo amangounjikana mkatimo, mphamvu n'kuchepa, selo n'kufooka.

Ku India anayesa 2-DG pamodzi ndi radiation kwa odwala glioblastoma, ndipo matupi awo anapirira bwino. Koma 2-DG sachedwa kutha m'magazi, n'chifukwa chake asayansi a ku America anakonza wina wotchedwa WP1122 kuti azifika wambiri mu ubongo.

Tsono mvetsetsani apa, chonde. Zonsezi zidakali pa kafukufuku. Wina akakugulitsani botolo n'kumati ndi shuga wochiza khansa, musagule. Ndiponso kusiya nsima kapena shuga wa m'tiyi sikupha chotupa, chifukwa chiwindi chimapanga chokha glucose. Wodwala amangowonda chabe.

Mutu ukamapweteka kwambiri m'mawa mpaka kusanza, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi ukamafooka, kapena munthu wamkulu akayamba kugwa ngati khunyu pamene sanagwepo chibadwire, pitani naye ku chipatala cha boma pa Kasungu. Akaona kuti pakufunika kujambula ubongo, amutumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe.