Kodi vairasi ingatuluke mu VM? Bowo lili pa khadi la netiweki

Moni nonse, takulandiraninso! Ndikujambula kuno ku Mangochi, kunja kukutentha koopsa, ndiye fani ikamasokosa mundikhululukire.

Mwachangu: VM ndi kompyuta yongoyerekeza yokhala mkati mwa kompyuta yeniyeni. Khadi lake la netiweki nalonso ndi longoyerekeza, ndi pulogalamu chabe ya mu QEMU kapena VirtualBox, mapulogalamu oyendetsera ma VM. Basi, tipitirire.

Tsopano bodza lomwe limandinyansa. Mnyamata wina wokonza malaputopu chapafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi anandiuza kuti, "Achimwene, ine vairasi ndimaitsegulira mu VM, ilibe kotulukira." Aaa, ayi ndithu! Pulogalamu ya khadi ija imagwira ntchito kunja kwa VM, pa kompyuta yanu yeniyeniyo, ndipo imalandira chilichonse chimene VM yatumiza.

Tamverani izi. Mu 2015 anapeza vuto mu khadi la pcnet la QEMU, vuto lomwe analipatsa nambala ya CVE-2015-7504. Malo osungira paketi, kamtolo ka data koyenda pa netiweki, anali mabaiti 4096. Munthu akatumiza paketi yodzaza ndendende, pulogalamuyo inkawonjezera mabaiti 4 a CRC, nambala yotsimikizira kuti paketi sinawonongeke, kumapeto. Akagona kuti? Muthire usipa pa thandala lodzaza kale, wotsalawo ugwera pa la mnzanu. Pa "thandala la mnzanu" limenelo panali pointer, adiresi yoloza malo ena mu memory, yomwe QEMU imaitsatira. Mabaiti anayi okha, anthuni! Chaka chomwecho khadi la rtl8139 linapezeka likutulutsa zamkati mwa memory ya kunja kwa VM. Ofufuza ataphatikiza ziwirizi, anatuluka mu VM.

Wina akuti, "Ine ndimagwiritsa VirtualBox." Dikirani. Mu 2018 Sergey Zelenyuk anaulula bowo mu khadi la E1000, lomwe VirtualBox imakuikirani yokha pa ma VM ambiri. Mwadina like? Dinani kaye, ndikudikira.

Chochita.

Choyamba, pangani update. Ndikudziwa, bandulo ndi yodula, koma bowo la VirtualBox lija analitseka mu version 5.2.22, ndiye amene akadali pa yakale akugona chitseko chili pululu.

Chachiwiri, lowani mu settings muone khadi lomwe VM yanu ili nalo. Ngati simukufuna intaneti mmenemo, lichotseni. Ngati mukuifuna, sankhani khadi ya virtio-net, imene siyerekeza chipangizo chakalekale. Nayonso inapezekapo ndi mabowo, musandinamizire mu ma comment kuti ndati ndi yangwiro.

Chachitatu, musayendetse QEMU ngati root, akaunti yokhala ndi mphamvu zonse pa kompyuta.

Sabata yamawa tikambirana za VENOM, bowo la floppy disk lomwe linakhala mu QEMU kuyambira 2004 mpaka 2015. Dinani subscribe ndi kabelu kaja. Fani yaima, magetsi apita, tionana!