Barry Sanders: Mnyamata Wamfupi Amene Mayunivesite Aakulu Sanamuone

[Pa sikirini: Barry Sanders atavala jezi ya nambala 21 ya Oklahoma State]

Mayadi 2,628 m'masewero 11. Umenewu ndi mtunda umene Barry Sanders anathamanga mpira uli m'manja m'chaka cha 1988, akusewerera yunivesite ya Oklahoma State, ndipo mpaka lero palibe wosewera wa m'mayunivesite aakulu a ku America amene waupitirira. Koma zaka zitatu zokha m'mbuyomo, mnyamata yemweyu sankapatsidwa n'komwe malo a running back kusekondale kwake. Tiyeni tione chimene chinkamubisa ndi chimene chinadzamuonetsa poyera.

Kwa inu amene simunazolowere mpira wa ku America, gwirani izi kaye. Bwalo ndi lotalika mayadi 100, pafupifupi mamita 91. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 11. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mayadi 10, ndipo ikakwanitsa imapatsidwanso kanayi kena. Kulowetsa mpira kumapeto kwa bwalo ndiye touchdown, mapointi 6. Running back ndi uja amalandira mpira m'manja kuchokera kwa quarterback, wosewera amene amagawa ndi kuponya mipira, n'kuthamanga nawo, kudutsa pakati pa anthu amene ntchito yawo ndi kumugwetsa.

[Pa sikirini: mapu a Kansas, mzinda wa Wichita]

Sanders anabadwa pa 16 July 1968 ku Wichita, m'boma la Kansas, m'banja la ana 11. Bambo ake, a William Sanders, ankagwira ntchito yofolera madenga, ndipo ana aamuna ankakwera nawo padenga kukathandiza. Anaphunzira pa Wichita North High School. Pamenepo malo a running back anali ndi mwini wake kale, mkulu wake Byron, amene pambuyo pake anakasewerera yunivesite ya Northwestern. Barry ankamuika m'mbali ngati wingback, malo amene mpira umafikako mwa apo ndi apo, komanso ankasewera kumbali yotchinga.

Byron atachoka, Barry sanalowe m'malomo nthawi yomweyo. Vuto linali msinkhu. Anali wotalika masentimita 173 okha, ndipo makochi ambiri a nthawi imeneyo ankafuna running back wamtali, wathupi, wolowa molunjika pamene wauzidwa. Mantha awo anali ndi maziko. Running back amagundidwa pafupifupi nthawi iliyonse akagwira mpira, ndipo nthawi zina amayenera kuima n'kutchinga linebacker, wosewera wa timu yotchinga, amene akuthamangira quarterback, munthu womuposa ndi makilogalamu 20 kapena 30. Kochi akayang'ana kamnyamata kakafupi amayamba kuwerengera masewero amene kadzathe kupirira.

Mwayi unabwera pa sewero lachinayi la chaka chake chomaliza, mu 1985, kochi Dale Burkholder atamusunthira pamalo a running back. Anamaliza chakacho ndi mayadi 1,417, ochuluka mwa iwo m'masewero 7 omaliza, ndipo pa avereji ankapeza mayadi 10 nthawi iliyonse akapatsidwa mpira. Taganizirani: mtunda umene timu imapatsidwa mwayi kanayi kuti iukwanitse, iye ankaumaliza kamodzi.

Nanga bwanji mayunivesite aakulu sanamuthamangire? Apa m'pofunika kumvetsa mmene amasankhira osewera. Ofufuza osewera amalemba mayina awo msanga, potengera zimene mnyamata anachita chaka chachitatu cha kusekondale. Pofika chaka chomaliza, maina amakhala atadzaza kale, ndipo malo amaphunziro aulere ndi owerengeka: panthawiyo timu inkaloledwa kukhala ndi osewera 95 okha olipiriridwa. Kunalibe intaneti yoti vidiyo ya mwana ifalikire usiku umodzi. Filimu ya masewero inkayenda pamanja kapena pa positi. Sanders analibe filimu ya chaka chachitatu yomuonetsa akuthamanga ndi mpira, ndipo amene anamumva mochedwa ankangoona nambala ija ya msinkhu n'kutseka faelo. Anamufuna ndi masukulu ochepa, ena mwa iwo Tulsa ndi Oklahoma State. Iye anasankha Oklahoma State, ngakhale bambo ake anali wochemerera Oklahoma Sooners, adani a timu imeneyi.

[Pa sikirini: Stillwater, Oklahoma, 1986]

Atafika ku Stillwater anapezanso malo ali ndi mwini wake. Thurman Thomas anali running back wodziwika m'dziko lonse, amene pambuyo pake anakachita zazikulu ku Buffalo Bills, timu ya mu NFL, ligi yaikulu ya akatswiri. Kochi Pat Jones sakanamukhazika pansi Thomas, ndipo sitingamuimbe mlandu. Mu 1986 Sanders anapatsidwa mpira ka 74 n'kupeza mayadi 325. Mu 1987 anapitirira mayadi 600, uku Thomas akupitirira 1,600. Masiku ano wosewera wotere akanasamukira sukulu ina chaka chomwecho, koma malamulo a nthawiyo ankati wosamuka akhale chaka chathunthu osasewera. Sanders anakhala, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Khomo limene analowera linali kubweza kickoff. Sewero likamayamba, kapena timu ikagoletsa, mpira umamenyedwa m'mwamba kupita kwa anzawo, ndipo munthu mmodzi kumbuyo amauwakha n'kuthamanga nawo. Ntchitoyi ili ndi ndondomeko yake. Wowakha amaima pansi pa mpira thupi litayang'ana kutsogolo, zigongono zitakanikiza nthiti, kuti mpira ukatera pachifuwa usapyole pakati pa mikono. Akauwakha akubwerera m'mbuyo, wataya kale masitepe awiri. Kutsogolo kwake kukubwera anthu 10 ali pa liwiro lonse, aliyense mu mzere wake. Wobweza wanzeru amayamba walunjika pakati kuti awakokere pamodzi. Mmodzi akangosiya mzere wake kuti afike msanga pa mpira, pamatsala mpata, ndipo ndi pomwe amakhotera. Wobweza wosadziwa amathawira m'mbali molawirira, onse 10 n'kumutsekereza kumzere wa m'mphepete.

Mu 1987 Sanders anatsogola m'dziko lonse pa ntchito imeneyi, ndi avereji ya mayadi 31.6 pa kickoff iliyonse, ndipo anasankhidwa kukhala All-American, ulemu wa osewera opambana m'dziko lonse pa malo awo, ngati wobweza mpira, asanakhale n'komwe running back woyamba wa timu yake.

[Pa sikirini: chojambula cha I-formation, osewera atatu atandondozana kumbuyo kwa mzere]

Tsopano tifike pamtima pa nkhaniyi, chifukwa ufupi umene unkamutsekera makomo ndi umene unkasokoneza omutchinga.

Oklahoma State inkakonda kufola mwa I-formation: quarterback kutsogolo, fullback, womutsegulira njira running back, kumbuyo kwake, running back kumapeto, pafupifupi mayadi 7 kuchokera pamzere umene mpira umayambira. Mayadi 7 amenewa ndi nthawi yoti awerenge zimene zikuchitika komanso atenge liwiro. Polandira mpira, chigongono cha mbali imene kuli quarterback chimakwezedwa kufika pachifuwa, dzanja linalo lili pansi pa mchombo chikhatho chitayang'ana kumwamba, kuti pamimba pakhale malo oikapo mpira. Kuuika pamenepo ndi ntchito ya quarterback. Running back akatambasula manja kuti aulande, mpira umagunda zala n'kugwa, ndiye fumble imeneyo. Akautsitsira maso, mpata umatseguka n'kutsekeka iye asanauone. Ukalowa, zala zimaphimba nsonga yakutsogolo, mkono umaukanikiza pachifuwa, nsonga yakumbuyo ili m'khwapa. Chigongono chikangotalikira nthiti, wotchinga amaumenya ndi chibakera kuchokera kumbuyo.

Kutsogolo kuli anthu asanu a offensive line: center pakati, ma guard awiri, ma tackle awiri. Mpata wa pakati pa center ndi guard amautcha A, wa pakati pa guard ndi tackle ndi B, wa kunja kwa tackle ndi C. Sewero lililonse limatchula mpata woti alowere, koma otchinga nawonso amawerenga, ndipo kawirikawiri amafika pampatapo iye asanafike. Running back wamba amaweramitsa mutu n'kulandira mayadi awiri. Sanders ankachita zina. Ankalunjika pampatapo mpaka linebacker atatsimikiza n'kuponya thupi lake lonse mbali imeneyo. Kenako ankaponda mwamphamvu ndi phazi lakunja, n'kutsitsa chiuno, n'kutulukira mbali imene linebacker uja wachoka.

[Pa sikirini: vidiyo ikuyenda pang'onopang'ono, kamera ili pa mapazi]

Yang'anani mapazi akewo. Ndi otalikirana kuposa mapewa, mawondo ndi opinda, ndipo masitepe ndi aafupi. Munthu wamtali akafuna kukhota ali pa liwiro amafunika masitepe atatu kapena anayi kuti achepetse, chifukwa kulemera kwake kuli m'mwamba. Sanders kulemera kwake kunali pafupi ndi nthaka, pa ntchafu zikuluzikulu, ndiye ankaima ndi sitepe imodzi n'kunyamukanso ndi yachiwiri. Wotchinga amaphunzitsidwa kuloza m'chiuno ndi kukulunga miyendo yonse iwiri. Kwa munthu wa masentimita 173 amene wapindanso mawondo, chiunocho chili pansi kwambiri, ndipo wotchinga wamtali amathera kugwira mapewa ndi mkono umodzi. Kugwira kotero sikugwetsa munthu wa miyendo yamphamvu. Palinso china: kumbuyo kwa anthu asanu aatali aja, linebacker sankamuona bwino mpaka atatulukira.

Kathamangidwe aka kali ndi mtengo wake, ndipo achinyamata amene amakatengera ayenera kudziwa. Ukaima kumbuyo kwa mzere n'kumasakasaka mpata wina, otchinga a mbali yakutali amakupeza, ndipo m'malo mopeza mayadi awiri umataya anayi. Timu imene yatsala ndi yadi imodzi pa mwayi wachitatu sifuna zimenezo. N'chifukwa chake makochi amaphunzitsa kukhota kamodzi kokha kenako n'kulunjika. Sanders ankaloledwa kuphwanya lamuloli chifukwa zimene ankabweza zinkaposa kutali zimene ankataya.

[Pa sikirini: 1988]

Thomas atapita ku NFL, Sanders anatsegula chaka cha 1988 pobweza kickoff yoyamba yeniyeni mayadi 100 mpaka touchdown, posewera ndi Miami ya ku Ohio. Kuchokera apo anapatsidwa mpira ka 344, kutanthauza maulendo oposa 31 pa sewero lililonse, katundu wolemera kwa munthu amene ankanenedwa kuti sangapirire. Avereji yake inali mayadi 7.6 pa ulendo ndi 238.9 pa sewero. Anagoletsa ma touchdown 37 pothamanga ndi mpira, 39 tikaphatikiza obweza. Kanayi konse anapitirira mayadi 300 pa sewero limodzi: ndi Tulsa, Kansas State, Kansas ndi Texas Tech.

Wina anganene kuti ankangopondereza matimu ofooka. Onani zimene anachita ndi zimphona za Big Eight, ligi imene timu yake inkasewera. Ndi Nebraska anapeza mayadi 189, ndi Oklahoma 215. Masewero onse awiriwa Oklahoma State inagonja, 63-42 ndi 31-28, ndipo ndi okhawo amene inagonja chaka chimenecho.

Sitingakambe nambalazi osatchula amene ankamutsegulira njira. Offensive line ya chaka chimenecho, imene inkatchedwa War Pigs, inali ya osewera okhwima amene anazolowerana. Quarterback anali Mike Gundy, ndipo wolandira mipira yoponyedwa anali Hart Lee Dykes. Ameneyu ndi wofunika kwambiri pa nkhani ya Sanders. Timu ikafuna kuletsa running back imabweretsa anthu 8 kapena 9 pafupi ndi mzere. Ikatero Dykes amatsala ndi munthu mmodzi yekha, Gundy n'kumuponyera. Ikabweza anthu kuti atchinge Dykes, kutsogolo kumatsala 7, amene sankakwana kumugwira Sanders.

Mphoto ya Heisman Trophy, imene imapita kwa wosewera wopambana onse m'mayunivesite, inalengezedwa ku New York mu December iye ali ku Tokyo, kumene timu yake inkakasewera ndi Texas Tech. Sanders ndiye anaipata, kuposa Rodney Peete wa yunivesite ya USC ndi Troy Aikman wa UCLA. Patangopita maola ochepa analowa m'bwalo n'kuthamanga mayadi 332, Oklahoma State n'kupambana 45-42. Kumapeto kwa mwezi womwewo, pa Holiday Bowl, limodzi mwa masewero apadera otsekera chaka otchedwa bowl, posewera ndi Wyoming, anawonjezera mayadi 222 ndi ma touchdown 5 m'zigawo zitatu zokha mwa zinayi za sewerolo, limene linatha 62-14.

Mayadi 222 amenewa sali mu 2,628 muja, chifukwa bungwe la NCAA, loyendetsa masewero a m'mayunivesite, linayamba kuwerengera masewero a bowl mu 2002. Tikawaphatikiza amakwana 2,850 m'masewero 12. Amene anayandikira kwambiri ndi Ashton Jeanty wa Boise State, amene mu 2024 anapeza mayadi 2,601, koma m'masewero 14.

Sanders anali atatsala ndi chaka chimodzi kuyunivesite, ndipo panthawiyo NFL sinkatenga osewera amene sanamalize zaka zawo zinayi. Koma NCAA inapereka chilango kwa Oklahoma State chifukwa chophwanya malamulo okopera osewera, chilango choletsa timuyo kuonekera pa TV ndi kusewera ma bowl. Izi zinachititsa kuti aloledwe kulowa mu draft ya 1989, pamene matimu a NFL amasankha osewera atsopano motsatizana. Dallas Cowboys inatenga Troy Aikman poyamba, Green Bay Packers inatenga Tony Mandarich, ndipo Detroit Lions inatenga Barry Sanders pa nambala 3.