Makalata a Omvera: Katemera wa Fuluwenza kwa Ana, Ndalama Yake Ikubweza Chiyani?

Takulandirani omvera athu. Makalata a lero onse akukamba za chimfine, ndipo yoyamba yachokera kwa amayi ena, anamwino a ku Zomba. Alemba motere:

"Achimwene, mawu akuti chimfine akutisokoneza. Chimfine cha mamina chija chimayamba ndi mavairasi ambirimbiri ndipo chilibe katemera. Fuluwenza ndi matenda ena: amagwira mwadzidzidzi, thupi limatentha kwambiri, mwana amaphwanya m'thupi, ndipo nthawi zina mapeto ake ndi chibayo. Makolo ena amati mwana wawo analandira kale katemera wake ku sikelo poti anamva dzina la Haemophilus influenzae mu katemera wa penta, uja woteteza matenda asanu. Ameneyo ndi bakiteriya, dzina lokha ndiye lofanana. Katemera wa fuluwenza sali pa ndondomeko ya ku sikelo kuno kwathu."

Zikomo mayi, mwatilambulira njira. Ndingowonjezera kuti bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization (WHO) limayerekeza kuti chaka chilichonse fuluwenza amapha anthu pakati pa 290,000 ndi 650,000 padziko lonse kudzera m'matenda a m'chifuwa, ndipo mwa ana osafika zaka 5 amene amafa nawo, pafupifupi onse ndi a m'maiko osauka. Choncho si matenda a kwa azungu okha ayi.

Kalata yachiwiri ndi yaitali, yachokera kwa bambo wogwira ntchito mu famase ku Johannesburg. Akuti:

"Wofuna kuwerengera mtengo adziwe kuti katemerayu si wa kamodzi. Vairasi imasintha chaka ndi chaka, ndiye WHO imasankha mitundu yoti ilowe mu katemera kawiri pachaka: mu February ya maiko a kumpoto, mu September ya maiko a kummwera. Kuno ku South Africa katemera amafika cha mu March kapena April, matenda nkudzachuluka m'nyengo yozizira. Mwana amayamba kulandira akakwanitsa miyezi 6. Wosafika zaka 9 amene sanalandirepo amabayidwa kawiri, kusiyanitsa masabata 4. Zaka zotsatira ndi jakisoni mmodzi. Wamng'ono amabayidwa pantchafu, wokulirapo pamkono. Chitetezo chimakhwima pakatha masabata awiri. Zolakwika zimene zimachitika ndi izi: kubwera mochedwa m'nyumba muli kale odwala, kuiwala jakisoni wachiwiri, ndi kasungidwe. Katemerayu amafuna furiji ya madigiri 2 mpaka 8. Akaundana wawonongeka, ndipo wotsala wa chaka chatha ndi wotaya."

Bambo, mwalongosola bwino, ndipo apa ndi pamene pali nkhani ya ndalama. Chaka choyamba mulipira jakisoni awiri, kuphatikiza thiransipoti maulendo awiri. Ana atatu, zaka zisanu, werengerani nokha. Nanga mukugula chiyani? Si linga lopanda mpata. M'zaka zimene katemera wafanana bwino ndi vairasi yoyenda, a CDC, bungwe la boma la America loona za matenda, amati amachepetsa mwayi wodwala mpaka kukaonana ndi dokotala ndi 40 mpaka 60 peresenti. Zaka zina amachita zochepera apo. Koma phindu lenileni lili pa matenda aakulu. Kafukufuku wa ku America yemweko wofalitsidwa mu 2017 anapeza kuti katemera anachepetsa imfa za fuluwenza ndi 65 peresenti mwa ana athanzi, ndi 51 peresenti mwa ana odwala matenda ena.

Ndiye ine ndingati chonchi. Kwa mwana wa mphumu, wa matenda a mtima, wa sickle cell, wa shuga, amene ali ndi HIV, kapena wobadwa masiku osakwana, ndalamayo ndi yochepa poyerekeza ndi sabata yogona m'chipatala, mayi atasiya geni, mwana ali ndi timapaipi ta okosijeni m'mphuno. Kwa mwana wathanzi wa zaka 10 phindu lilipo ndithu, koma locheperapo. Ndipo ngati thumba lili lopepuka, yambani mwamaliza aulere a ku sikelo. Katemera wa chibayo wotchedwa PCV, amene anayamba kuperekedwa kuno mu 2011, amalimbana ndi bakiteriya amene amakonda kulowa m'mapapo fuluwenza akatsegula khomo.

Tiolokere ku Britain. Mayi wina wothandizira za umoyo m'sukulu ku Leeds walemba mwachidule:

"Kuno NHS, nthambi ya boma yoona zaumoyo, inayamba kupereka katemerayu kwa ana athanzi mu 2013, mwaulere. A zaka 2 ndi 3 amakalandirira kwa dokotala wawo, a sukulu amalandirira kusukulu makolo akasaina fomu. Ndi wopopera m'mphuno, kamodzi mbali iliyonse. Ali ndi vairasi yamoyo yofooketsedwa, ndiye sapatsidwa kwa mwana wosafika zaka 2, wa chitetezo chotsika kwambiri, wa mphumu yoopsa, kapena womwa aspirin. Mulinso jelatini wochokera ku nkhumba. Amene chipembedzo sichiwalola apemphe wa jakisoni."

Abale athu achisilamu ndi a Seventh-day amene muli kumeneko, mwamva: osabweza fomu yopanda kanthu, njira ina ilipo. Boma la Britain silinangochita chifundo. Ana ndiwo amafalitsa fuluwenza kwambiri, amachoka nawo m'kalasi nkukatula kwa agogo, ndiye kutemera ana kumateteza ndi akuluakulu omwe. Phindu limenelo limaoneka pamene ana ambiri alandira, osati mmodzi m'mudzi wonse.

Kalata yomaliza ndi ya azamba a ku Kasungu, ya mizere iwiri: "Musaiwale khanda losafika miyezi 6. Ilo silibayidwa, koma mayi akalandira ali woyembekezera, chitetezo chimadutsa kufika kwa mwana."

Nzoona amayi. Kafukufuku wa ku Soweto, ku South Africa, wofalitsidwa mu 2014 anapeza kuti makanda a amayi otemeredwa anadwala fuluwenza mochepa ndi pafupifupi theka.

Nthawi yatithera, koma kwa inu amene katemerayu simungamupeze: mwana akatentha thupi, kamuyezetseni malungo kaye. Mupatseni panado, osati aspirin, amene angawononge chiwindi ndi ubongo wa mwana wa fuluwenza. Amoxicillin wa pagolosale sapha vairasi. Vulani mwana malaya ali phee, muwerenge mpweya kwa mphindi yathunthu: ukafika 50 kwa wa miyezi 2 mpaka 11, kapena 40 kwa wa chaka chimodzi mpaka zaka 5, kapena mukaona m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati akamapuma, berekani mwanayo, nyamukani ngakhale usiku.