Akuuzani kuti ndi khansa ya njira ya ndulu, nde pano mutani?

[Wofotokoza akuyang'ana kamera]

Moni nonse. Lero tikamba za khansa yomwe anthu ambiri amaimva koyamba tsiku lomwe adokotala awauza kuti ali nayo, khansa ya njira ya ndulu. Pa pepala la kuchipatala amalemba kuti cholangiocarcinoma. Ngati pepala limenelo lili m'manja mwanu kaya ndi lanu kaya la m'bale wanu, khalani pansi timvane.

[Chithunzi cha chiwindi]

Ndulu mumaidziwa, ija timachotsa mosamala potumbula nkhuku kuopa kuwawitsa nyama. Madzi ake amapangidwa m'chiwindi n'kudutsa m'timapaipi kupita m'matumbo kukathandiza kugaya mafuta. Chotupa chikatseka paipi madziwo amabwerera m'magazi, nde maso amachita chikasu, mkodzo kuda bii, chimbudzi kuyera, thupi kuyabwa moti munthu amadzikanda usiku wonse mpaka zilonda.

Funso loyamba kwa adokotala, musachite nalo manyazi: chotupachi chili pati, ndipo chingachotsedwe ndi opaleshoni? Chifukwa njira yochiritsiratu matendawa ndi opaleshoni basi. Chikakhala mkati mwa chiwindi kapena pomwe mapaipi amakumana potuluka m'chiwindi amadula mbali ya chiwindicho, chikakhala kumunsi pafupi ndi kapamba amachita opaleshoni yaikulu yotchedwa Whipple. Akachotsa nthawi zambiri amapereka mapilitsi a capecitabine kwa miyezi 6. Koma tisanamizane, anthu ambiri amapezeka nayo mochedwa opaleshoni isakuthekanso. Yankho limachokera pa sikani ya CT kapena MRI ndipo woyenera kuliona ndi dokotala wa opaleshoni ya chiwindi, si mwano kupempha kuti wina aonenso.

Kaya opaleshoni ilipo kaya palibe, chinthu chofulumira ndi kutsegula njira yatsekekayo. Amalowetsa paipi ya kamera kukamwa mpaka m'matumbo, amati ERCP, n'kusiyamo kachubu kotchedwa stent. Zikakanika amaboola pakhungu cha kumanja pansi pa nthiti n'kuika chubu chotulutsira ndulu m'kathumba. Chikasu chikatsika kuyabwa kumachepa, munthu amayambanso kufuna chakudya, komanso kemo, mankhwala aja olimbana ndi khansa, sayamba chikasu chili pamwamba. Apa mvetserani bwino agadiyani: kachubu kaja kamatha kutsekeka, makamaka ka pulasitiki pakapita miyezi ingapo. Wodwala akatentha thupi, kunjenjemera, maso kuyambiranso chikasu, musangoti ndi malungo mwagula LA basi. Thamangani kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale usiku, majeremusi a m'njira ya ndulu amalowa m'magazi msangamsanga.

[Mayina a mankhwala pa sikirini]

Za kemo. Kuyambira 2010 kafukufuku wa ku Britain wotchedwa ABC-02 atatuluka, mankhwala oyamba ndi gemcitabine kuphatikiza cisplatin, a diripi, tsiku loyamba ndi tsiku la 8 pa masabata atatu alionse. Mu 2022 ku America anavomereza kuwonjezerapo durvalumab, wothandiza chitetezo cha m'thupi kulimbana ndi chotupa. Palinso mapilitsi ngati pemigatinib ndi ivosidenib koma awa amagwira kwa okhawo amene chotupa chawo chili ndi kusintha kwa majini otchedwa FGFR2 kapena IDH1, nde amayamba ayeza kanyama kodulidwa pa chotupacho. Amene muli ku UK kapena ku Joni funsani za kuyezetsa kumeneku pachiyambi pomwe. Kwathu kuno mankhwala atsopanowa ndi odula koopsa, osapezekapezeka. Ndipo pamene opaleshoni yalephereka ntchito ya kemo ndi kuchedwetsa matenda ndi kuwonjezera masiku, si kuchiritsa.

Ndanenera dala zimenezi chifukwa cha nkhani yopita ku India kukafuna chithandizo. Ku Malawi odwala khansa amathandizidwa ku Queens ku Blantyre ndi ku National Cancer Centre ku Lilongwe pa Kamuzu Central, ku Zambia kuli Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, ndipo ena amatumizidwa kunja kapena banja limasonkha lokha. Musanagulitse puloti kapena ng'ombe tumizani kaye malipoti ndi ma CD a sikani kwa madokotala akunjako, afunseni molunjika kuti tikabwera mukufuna kuchiritsa kapena kungochepetsa? Ngati akukapereka kemo yemweyo wopezeka kwanu, ine ndingati ganizani kawiri, ndalamazo mudzazifuna pa transipoti, chakudya ndi kusamalira wodwala. Ndipo mapepala onse sungani mufayilo imodzi, muwajambulenso pafoni.

Za zitsamba ndinene mwachidule. Anthu abwera ndi mabotolo, ena a pa WhatsApp olonjeza kusungunula chotupa. Chilichonse mwamwa chimadutsa m'chiwindi, ndipo chiwindi chake ndi chomwe chikuvutika kalechi. Ngakhale panado weniweniyu funsani kaye mlingo wake.

[Kamera pafupi]

Chithandizo chochepetsa ululu, ma nesi amati palliative care, anthu amachiopa amati ndiye kuti atitaya. Ayi. Chimayendera limodzi ndi kemo ndipo ndi bwino kuyamba msanga. Ku Queens kuli Tiyanjane, ku Salima kuli Ndi Moyo, zipatala za maboma zambiri zilinso ndi kiliniki yake. Morphine wamadzi amamwa pa nthawi yake osadikira kuti ululu ufike povuta, kungoti amamanga m'mimba nde pemphani ndi mankhwala ofewetsa chimbudzi. Kuyabwa, nseru, kusowa tulo, zonsezi nenani, zili ndi mankhwala ake. Odziwa Chingerezi, bungwe la AMMF la ku UK limaona za khansa yomweyi ndipo pa intaneti lili ndi zambiri zowerenga.

Nanga kumubisira wodwala? Kwathu timakonda kuti musawauze amayi angafe ndi maganizo. Koma thupi ndi lawo, akuona okha kuti akuonda. Afunseni kuti akufuna kudziwa zochuluka bwanji, ena amafuna zonse ena amati uzani mwana wanga wamkulu. Gadiyani nayenso asakhale mmodzi yemweyo mwezi wonse pa simenti ya kuwodi, gawanani masiku, amene ali kutali atumize ya transipoti.

Popita kukaonana ndi adokotala tengani kope, mafunso mulemberetu, mupite awiri kuti wina azilemba mayankho. Mafunso ena siyani m'munsimu tidzawatenga mu vidiyo yotsatira.