Makalata a omvera: kodi madala apume pa kiriketi?

Kalata yoyamba lero yachokera ku Mbare, mu Harare, kwa bambo ena omwe makolo awo ndi a ku Ntcheu. Akuti: "Awulutsi, timu ya kiriketi ya Zimbabwe yandikwana. Sikandar Raza anabadwa mu 1986, Craig Ervine mu 1985. Madalawa adzapuma liti? Mu 2023 tinagonja kwa Uganda mpaka kulephera kupita ku World Cup ya T20, kiriketi yaifupi ija. Apatseni malo anyamata!"

Zikomo bambo. Za Uganda zija zinawawadi, sinditsutsa. Koma tiyeni tikumbutsane za mu May 2025 pa bwalo la Trent Bridge ku England, pomwe Zimbabwe inasewera Test, kiriketi ya masiku angapo ija, ndi England. Mnyamata wa zaka 21, Brian Bennett, anamenyera Zimbabwe marani (mapointi a womenya mpira) 139 opanda ndi mantha omwe. Pamenepo mwawina ndinu. Nanga England itawauza kuti amenyenso kachiwiri, Bennett n'kutuluka msanga, anatsala ndani? Sean Williams anapeza marani 88, Raza 60. Madala omwewo. Zimbabwe inagonjabe, inde, koma popanda awiriwa manyazi akanakula. Ine ndikanakhala wosankha timu, Raza sindikanamuchotsa chifukwa cha chaka chobadwa. Ndikanayang'ana miyendo yake, ngati ikuthamangabe pothamangitsa mpira.

Yachiwiri ndi ya mayi ena a ku Leeds, ndipo iwowa akwiya mbali inayo. Akuti: "England inamuchita chipongwe James Anderson. Woponya mpira wogwetsa mawiketi (kutulutsa omenya mpira) 704 mungamuuze kuti basi, pita kwanu, akadali ndi mphamvu?"

Mayi, nanenso zinandikhudza. Anderson anasewera ma Test 188, ndipo woyamba anasewera ndi Zimbabwe yomweyi pa bwalo la Lord's ku London mu 2003, Bennett uja asanabadwe n'komwe. Akuluakulu a timu, Brendon McCullum ndi Ben Stokes, maso awo anali pa mpikisano wa Ashes, wa England ndi Australia, ku Australia kumapeto kwa 2025, pomwe Anderson akanakhala ndi zaka 43. Mabwalo a kumeneko ndi ouma, dzuwa lake loswa mtengo, ndipo woponya mpira amafunika liwiro. Ndiye anafuna kuti anyamata azolowere nthawi ikadalipo.

Tsono taonani zomwe zinachitika pa masewero otsazikana nayewo, mu July 2024, ndi West Indies pa Lord's. Anthu anadzaza bwalo kudzaombera m'manja Anderson, koma amene anatola mawiketi 12 anali Gus Atkinson, yemwe kanali koyamba kusewera Test. Anderson anagwetsa anayi.

Kusiyana kwake ndi Zimbabwe n'kwakuti England ili ndi anyamata ambiri pamzere, ochokera m'matimu 18 a m'maboma. Bambo a ku Mbare aja atilemberenso, atiuze mayina a anyamata atatu omwe angalowe m'malo mwa madala akufuna apumewo, tidzawerenga Loweruka likubwerali.