Kutumiza Mbande ndi Mbewu Kunja: Satifiketi Imodzi Si ya Chaka Chonse!

Muli bwanji abale anga? Lero ndabwerera inu amene mwapeza wogula kunja, kaya wa mbande za mango, maluwa, tsabola kapena mbewu. Dinani subscribe kaye, tiyambe.

Choyamba, lembetsani bizinesi kwa Registrar General. Chachiwiri, katengeni TPIN, nambala yanu ya msonkho, ku MRA. Ziwirizi tidazifotokoza kale, linki ili m'munsimu, sindibwereza.

Chachitatu, musanazule ngakhale mbande imodzi, funsani wogulayo kuti dziko lake likufuna chiyani. Ku South Africa, mwachitsanzo, wolowetsa zomera amayenera kukhala ndi import permit, chilolezo cholowetsera katundu m'dzikomo, ndipo m'pepala limenelo ndi momwe mwalembedwa tizilombo ndi matenda amene sakufuna kuwaona. Uzani wogula akutumizireni pa WhatsApp, muwerenge bwinobwino.

Chachinayi, phytosanitary certificate, satifiketi yotsimikiza kuti zomera zanu zilibe tizilombo ndi matenda oletsedwa. Apa ndiye khalani pansi, chifukwa pali bodza limene limandipweteka mtima. Anthu amati, "Ine satifiketi ndili nayo kale, ndidatenga chaka chatha." Ayi, bambo! Ayi, mayi! Pepala limeneli si laisensi ya shopu yoti mupachike pakhoma. Ndi la katundu amene akunyamukayo basi. Mukatumiza lero, pepala lake. Mukatumizanso mwezi wamawa, lina.

Bwanji? Taganizani: woyendera zomera wochokera ku nthambi ya kafukufuku ya Unduna wa Zaulimi, ya ku Chitedze ndi ku Bvumbwe ija, amasaina kuti katundu uyu wamuona, alibe tizilombo toletsedwa kumene akupitako. Ndiye angasainire bwanji tsabola amene sanabzalidwe n'komwe? Mbozi sidziwa kuti muli ndi pepala la chaka chatha!

Mayiko a European Union salandira satifiketi imene idaperekedwa masiku oposa 14 katundu asananyamuke. Masiku 14, mwamva? Ndipo kuyambira pa 14 December 2019, pafupifupi chomera chilichonse cholowa kumeneko chimafuna pepalali. Zipatso zosafunika pepala ndi zisanu zokha: nthochi, chinanazi, kokonati, durian ndi ma dates. Mango mulibemo. Amene munkati "ndi tochepa tokha, tili m'chikwama," mwamvatu.

Ena amati n'kuvutitsana chabe. Kafunseni alimi a ku Thyolo ndi Mulanje zomwe chisaka chidachita ku nthochi zawo. Matenda amenewa amayenda ndi ana a nthochi amene anthu amagawana. Kumbukiraninso 2017, ntchemberezandonda zachilendo zija zitasakaza chimanga mpaka boma kulengeza kuti m'maboma ambiri mwagwa tsoka. Kwawo kwa mbozi ija ndi ku America. Tsono wogula wanu akaumirira pepala latsopano, akuopa zomwe ifeyo tidaziona ndi maso. N'chifukwa chake mayiko adamanga pangano loteteza zomera la IPPC mu 1951, pansi pa FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi.

Ngati mwatolapo kanthu, dinani like, tumizirani mnzanu wa nazale.

Chachisanu, mwachangu: dothi. Mayiko ambiri salifuna, tsukani mizu. Mapaleti a matabwa akhale ndi chidindo cha ISPM 15, chosonyeza kuti matabwawo adatetezedwa ku tizilombo. Ndipo kauzeni oyendera zomera nthawi ikadalipo, osati galimoto itafika kale pa Mwanza.

Sabata yamawa tikambirana za fomu ya CD1 ya kubanki. Dinani kabelu kaja, tionana Lachisanu.