Makalata a Omvera: Kuthandiza Ana Kuwerenga Pakhomo

Takulandirani omvera nonse ku pulogalamu yathu ya makalata. Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu, ndipo alemba motere:

"Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 7 yemwe ali mu Sitandade 2, koma amangoloweza zimene aphunzitsi anena m'kalasi osazindikira malembo. Ineyo sukulu ndinalekezera Sitandade 4, ndipo m'nyumba mwathu mulibe mabuku ena kupatula Buku Lopatulika ndi buku la nyimbo za kutchalitchi. Kodi ndingamuthandize bwanji?"

Zikomo kwambiri mayi chifukwa chotilembera. Musadzipeputse chifukwa cha kalasi imene munalekezera, pakuti zimene mwana wanu akusowa panopa inu mukuzidziwa kale. Kuchokera mu 2016, pamene ndondomeko ya National Reading Programme inayamba m'sukulu za boma, ana amaphunzira maliwu a malembo, kenako maphatikizo, ndipo akatero amalumikiza maphatikizowo kupanga mawu. Mwayi wathu ndi woti Chichewa chimalembedwa monga momwe chimatchulidwira, kotero mwana amene wagwira a, e, i, o, u pamodzi ndi ma, me, mi, mo, mu akhoza kuwerenga yekha mawu oti "mame" ngakhale sanawaonepo.

Madzulo ndiwo zili pamoto, tengani khala mulembe maphatikizo awiri pansi pakhonde, ndipo mumuuze kuti awatchule akuloza ndi chala. Mawa lake musinthe malo a maphatikizowo, chifukwa pamenepo ndi pamene mudzadziwe ngati akuwerengadi kapena akungobwereza zadzulo. Buku la nyimbo lija ndi chuma chachikulu kuposa mmene mukuganizira. Mutsegulireni nyimbo imene amaiimba kale, mumuonetse mawu oti "Mulungu", kenako mutembenuze tsamba kuti awasake yekha pakati pa mawu ena. Mawu olemera monga "nkhwangwa" ndi "ng'ombe" adikire kaye, adzawapeza miyendo ikalimba.

Chimene ndikupempha ndi mtima wonse ndi choti musamukalipire akalakwitsa, pakuti ana ambiri amene amathawa buku amakhala akuthawa mawu aukali a amene akuwaphunzitsa. Mukaonanenso ndi aphunzitsi ake kuti muwafunse ngati angamubwereke buku la Chichewa kumapeto kwa sabata.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina wa ku Lilongwe, ndipo akuti: "Mwana wanga wa zaka 5 ndimamugulira mabuku a Chingerezi okhaokha kuti adzakhoze bwino sukulu, koma iye amangoona zithunzi n'kuwataya."

Bambo, cholinga chanu ndi chabwino, koma mwana sakondwera ndi nkhani imene sakuimva. Kuona zithunzi kumene mukudandaula nako ndiye poyambira pabwino: mukhazikeni pamiyendo, mumufunse chimene kalulu wa pachithunzipo akuchita, ndipo ayankhe m'chinenero chimene mumayankhula naye pakhomo. Luso lolumikiza malembo ndi maliwu akalipeza m'Chichewa adzapita nalo ku Chingerezi. Mumzinda wanu muli laibulale ya National Library Service, choncho Loweruka lina mupite naye kumeneko kuti akasankhe yekha buku la nthano, ndipo pobwera mukamuwerengere asanagone.